Mwafunsa, tayankha: thobwa, mfutso ndi chiliza cha agogo

Makalata ambiri omwe afika kuno ku Mzuzu mwezi uno akukamba za agogo aakazi. Ena mukukonzekera chikumbutso mvula isanayambe, ena mwayesa kuphika zomwe malemu ankaphika koma zakukanikani. Tasankhapo asanu, ndipo poyankha tathandizana ndi amayi ophika thobwa logulitsa, mmisiri wa zomangamanga ndi anthu odziwa za chinangwa.

FUNSO: Agogo anga, mayi wawo wa mayi anga, anatisiya chaka chatha kwathu ku Kasungu. Mu Okutobala tichita chikumbutso kuno ndipo ndikufuna ndiphike thobwa la mawere ngati lawo lija, lomwe ankatitungira ndi chikho mu mtsuko tikaweruka kumunda. Ndayesa kawiri. Koyamba linangokhala phala lolimba, kachiwiri linasasa ngati mowa. Ndikuphonya pati? Mdzukulu wa ku Chibavi.

YANKHO: Pepani ndi zovutazo, mayi. Zolakwika ziwirizi gwero lake ndi limodzi: nthawi yomwe mukuthirira chimera. Koma tiyambe ndi chimeracho, chifukwa chikakhala chakufa palibe chomwe mungachite pamoto.

Ngati mukugula pamsika, tapani pang'ono mulawe. Chimera chabwino chimatsekemera palilime ndipo fungo lake ndi la mbewu yomera. Chonunkha nkhungu kapena chowawasa chisiyeni, ngakhale atakutsitsirani mtengo. Kuno mawere amawatcha lipoko ndipo thobwa amati chindongwa, choncho wogulitsa akatero musadabwe, ndi zomwezo. Mukafuna kukonza nokha, viikani mawere makilogalamu 2 m'madzi usiku umodzi ndi usana wake, tsanulani madziwo, yalani mawerewo pa chiguduli chonyowa ndi kufunditsa masamba a nthochi. Muziwaza madzi m'mawa ndi madzulo, osati kuthira. Ku Kasungu agogo ankaona timizu pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Kuno kuzizira kumachedwetsa, ndipo mu Juni ndi Julayi mutha kudikira masiku 4 kapena 5. Timizu tikatalika ngati chikhadabo, yanikani padzuwa mpaka ziume gwa, kenako sinjani kapena mupite nazo kuchigayo. Mukazisiya zimere mopitirira, kutsekemera kumathera ku timasamba ndipo thobwa limamveka kuwawa.

Muyeso wa ndowa ya malita 20 ndi uwu: madzi malita 18, ufa wa mgaiwa makilogalamu 2, chimera kilogalamu imodzi. Ngati mulibe sikelo, kilogalamu imodzi ya ufa ndi makapu a tiyi pafupifupi 8. Ndowa imeneyi imatulutsa makapu aakulu pafupifupi 60, ndiye werengerani anthu anu. Phikani phala la mgaiwawo libwate mphindi 30 mukutakasa, kenako phulani.

Apa ndiye pomwe agogo ankapisa chala. Phala likakhala lotentha kwambiri limapha mphamvu ya chimera, ija imasandutsa ufa kukhala shuga, ndipo phalalo limangokhala lolimba monga linachitira lanu loyamba. Likazizira kwambiri chimera chimagwira ntchito mochedwa, tizilombo tosasitsa n'kuyamba kulamulira, ndiye lachiwiri lija. Sambani m'manja, takasani phalalo kuti kutentha kufanane, pisani chala. Ngati mungathe kuwerenga mpaka 5 musanachizule, koma mukumva ndithu kuti kukutentha, nthawi yakwana. Sungunulani chimera ndi madzi ofunda pang'ono kuti chisapange mibulu, thirani, takasani mpaka pansi. Pasanathe mphindi 30 muona mthiko ukuyenda mopepuka, phala lasungunuka lokha popanda kuthira madzi. Zikapanda kutero, chimera chinali chofooka. Onjezerani theka la kilogalamu phala lisanazizire.

Vundikirani ligone. M'mawa libwezereni pamoto liwire mphindi 20. Anthu ambiri amadumpha kuwiritsa kwachiwiriku, chonsecho ndi komwe kumaimitsa kusasa. Moto ukhale wapakati ndipo mthiko uzikanda pansi, chifukwa thobwa lopserera silibisika, fungo limalowa ndowa yonse. Shuga muthire m'lokhalo lomwe limwedwe tsikulo. Mukathira mu ndowa yonse m'dzuwa la Okutobala, pofika tsiku lachitatu a mpingo adzakufunsani zomwe mwawamwetsa. Ndiye ngati mwambo uli Loweruka, phala muphike Lachinayi madzulo, muwiritsenso Lachisanu. Musatsekere thobwa m'mabotolo othina, mpweya umadzaza n'kuphulitsa zitsekero.

Za kakomedwe kenikeni kaja tikuuzeni zoona: mbali ina kankachokera mu mtsukowo. Dothi limazizira ndipo limasunga fungo la thobwa lakale. Ngati mtsuko wa agogo ulipo kumudzi, utumizitseni. Ngati mugula watsopano, yambani mwaphikiramo madeya ndi kuutsuka kuti fungo la dothi lichoke. Ndowa yomwe inakhalapo ndi sopo kapena parafini isayandikire.

FUNSO: Agogo ankafutsa nkhwani ndi chitambe mu Epulo, n'kumanga zikwatu zomwe tinkadya mpaka Novembala. Ine ndikafutsa, pakangotha milungu iwiri mfutso wachita nkhungu. Mayi wa ku Luwinga.

YANKHO: Simunatiuze kwawo kwa agogo, koma tikuganiza kuti ndi kuchigawo chapakati, komwe pofika kumapeto kwa Epulo mvula imakhala yadula ndipo mphepo ndi youma. Mzuzu ndi wina, mayi. Kuno mvula imakoka mpaka Epulo ngakhale Meyi, kenako kumabwera nkhungu ya m'mawa ndi mvula yamawawa. Masamba amaoneka ouma kunja pomwe mkati muli chinyezi. Mukatsata mwezi wa agogo osatsata nyengo, muzingotaya ndiwo.

Thyolani masamba anthete m'mawa mame atakamuka. Nkhwani musadzule, muchape, mudule. Madzi ayambe awira ndi kamchere pang'ono, ndiye muponyemo masamba: nkhwani ndi bonongwe mphindi 2 kapena 3, chitambe ndi khwanya mphindi 5. Cholinga si kuphika ayi, ndi kungowafoola kuti asade ndi kuti asamavute kupsa mtsogolo. Mukawapsetsa amamatana n'kukhala zibuma zomwe mkati mwake simuuma. Tsanulirani m'dengu madzi akhe, kenako yalani mopyapyala pa mphasa yoyera pamwamba pa thandala, osati pansi pomwe pali fumbi ndi nkhuku, komanso osati pa malata enieniwo, chifukwa amawotcha masamba ndi kuwapaka dzimbiri. Tulutsani masambawo nkhungu ya m'mawa ikayera, cha m'ma 9 koloko, muwatembenuze masana, ndipo pofika 3 koloko alowe m'nyumba. Mfutso wogona panja kuno umamwanso chinyezi chonse chomwe unataya masana. Wauma pokhapokha mukaufinya m'dzanja n'kufumbutuka. Ukangopindika, sunathe.

Chinanso chomwe mwina simunachione muli mwana ndi pomwe chikwatu chinkakhala. Agogo ankachimanga ndi masamba a msuku, kuchikulunga ndi luzi, n'kuchipachika kudenga la khitchini, pamwamba pa mafuwa. Utsi ndi kutentha kwa tsiku ndi tsiku ndi zomwe zinkachiteteza ku nkhungu ndi tizilombo. Ngati mumaphikira mbaula ya makala pakhonde kapena magetsi, chikwatu chanu chilibe mlonda ameneyo. Ikani mfutso m'botolo kapena m'chigubu chouma chotseka bwino, ndipo kamodzi pamwezi muuyanikenso ola limodzi kapena awiri. Jumbo ndiye mdani: mfutso ukakhala ndi kachinyezi kochepa, umachita thukuta momwemo. Ife tikadakhala inu tikadafutsa kwambiri mu Ogasiti ndi Sepitembala, ndiwo za kudimba, pomwe dzuwa la kuno limadalirika.

Womwe wachita kale nkhungu tayani, osati kuuchapa. Pophika wabwinowo, uviikeni m'madzi ofunda mphindi 20 ndi kuuphika m'madzi omwewo, nsinjiro zibwere kumapeto. Mtedza wa nsinjirozo muusankhe umodziumodzi monga ankachitira agogo pa lichero. Wofwifwa, wonyala ndi wowawa umakhala ndi chuku, ndipo poizoni wa chuku safa ndi moto.

FUNSO: Agogo anamwalira mu Febuluwale chaka chino ndipo tinawaika kumudzi ku Ntchisi. Ife adzukulu a m'tauni tasonkha ndalama kuti timange chiliza mu Sepitembala, koma amalume akuti tidikire. Kodi akungotichedwetsa? Chinanso, pa chiphaso pali dzina lina pomwe mudzi wonse unkawatcha Nabanda. Tilembe liti? Mnyamata wa ku Katoto.

YANKHO: Amalumewo akunena zoona, achimwene. Dothi lokwiriridwa limatenga nthawi kuti likhazikike, ndipo chomwe chimalitsendera ndi mvula. Manda a mu Febuluwale angolawa theka la dzinja. Mukamanga mu Sepitembala, mvula ya Januwale idzatitimiza dothi pansi pa simenti, chiliza n'kung'aluka pakati kapena kupendekera mbali imodzi. Lolani dzinja lathunthu lidutsepo, mudzamange chilimwe cha chaka chamawa. Ndalamazo zisungeni ku banki kapena mugule zinthu zosawonongeka monga mwala wolembapo ndi waya. Simenti musagule pano. Ikakhala miyezi ingapo, makamaka m'chinyezi cha kuno, imachita mibulu n'kutha mphamvu.

Komanso dziwani kuti nkhaniyi siyendera amene wasonkha zambiri. Kwa Achewa imayambira kwa mwinimbumba, yemwe ndi amalume anuwo kapena akulu awo. Iwo ndi omwe amakagwada kwa amfumu, amfumu n'kuuza adzukulu, tikunena aja okumba manda, kuti akatsegule njira ndi kulambula. Palibe amalowa kumanda ndi khasu kapena thumba la simenti mfumu isakudziwa, ndipo m'midzi yambiri ya kumeneko kumanda ndi kudambwe komwe, ndiye mukalowa mwachisawawa mudzalipa mlandu. Owerenga omwe agogo awo anakwatiwa kuno kumpoto n'kuperekedwa malowolo adziwe kuti kwa iwo mawu amachokera kuchimuna, kumudzi kwa agogo aamuna. Omwe anaika m'manda a khonsolo, monga ku Zolozolo, ayambe afunsa ku ofesi za khonsolo asanatenge mmisiri.

Tsiku lomanga likadzafika, muyang'anire izi. Maziko akumbidwe kunja kwa dzenje lenileni, pa nthaka yomwe sinakumbidwepo, masentimita 30 kuchoka m'mphepete mbali zonse, kuya kwake masentimita 30 mpaka 45. Amisiri othamanga amayala njerwa pamwamba pa mtumbira penipeni, ndipo zotere ndi zomwe mumaziona zitagwera mkati. Konkire ikhale ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga, zinayi za miyala, poyezera ndowa imodzimodziyo, osati fosholo. Mchenga ukhale wa kumtsinje. Mukaufumbata wonyowa n'kusiya matope m'dzanja, uli ndi dothi ndipo pulasitala adzasweka. Silabu ya pamwamba, ya mamita 2.4 m'litali, 1.2 m'lifupi ndi masentimita 10 kuchindikala, imadya matumba awiri a makilogalamu 50, ndipo mkati mwake mukhale waya. Mukaphatikiza maziko, njerwa ndi pulasitala, chiliza wamba chimafuna matumba 5 kapena 6. Akamaliza, chifunditseni udzu kapena ziguduli ndi kuchithirira m'mawa ndi madzulo masiku 7. Apa ndi pomwe a m'tauni mumagwa nayo: mumamanga Loweruka, Lamulungu mwakwera basi, simenti n'kuuma ndi dzuwa isanakhwime. Siyani munthu wodziwika ndi dzina, mumulipire, kuti azithirira.

Dzina lembani onse awiri, la pa chiphaso pamwamba, Nabanda m'munsi mwake. Dzina la mfunda ndi lomwe adzukulu a adzukulu adzafunsire akadzabwera kudzafuna manda, chimodzimodzi Naphiri, Nambewe, kapena kuno Nyagondwe ndi Nyachirwa. Chaka chobadwa musachikhulupirire msanga chifukwa choti chili pa chiphaso cha unzika. Pa kalembera wa 2017 okalamba ambiri analembedwa zaka zongoyerekeza. Funsani ku mpingo ngati buku la ubatizo lilipo. Apo ayi funsani anzawo a msinkhu umodzi: pa njala ya 1949 anali wamkulu bwanji, pa chipwirikiti cha 1959 anali atakwatiwa kodi, pomwe dziko linkalandira ufulu mu 1964 anali ndi ana angati, pomwe kwacha inkalowa m'malo mwa paundi mu 1971 ankayamwitsa ndani. Mukapeza chaka choyandikira lembani kuti "cha m'ma 1938", osapeka tsiku ndi mwezi. Mawu onse mulembe papepala ndi zilembo zazikulu, awerenge anthu atatu, ndiye mupereke kwa wozokota. Mwala sufufutika.

FUNSO: Ndinakwatiwa ku Nkhata Bay. Agogo a bambo a kunyumba, omwe anatisiya, ndiwo ankatitumizira ufa wa kondowole. Ndayesa kukonza ndekha koma nsima ikuwawa ndipo ana akudandaula mutu. Mayi wa ku Mchengautuba.

YANKHO: Lekani kudya ufa umenewo lero lomwe, mayi. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni wa cyanide, ndipo kuwawako ndi mutuwo zikusonyeza kuti sanachoke. Mwana akayamba chizungulire, kusanza kapena kufooka miyendo atadya, thamangirani naye kuchipatala.

Kunyanja kumatentha, ndiye chinangwa chimafewa m'madzi pa masiku 3 kapena 4. Mukawerenga masiku omwewo kuno mumavuula chisanafewe. M'miyezi yozizira chimafuna masiku 5 mpaka 7, ndipo choyezera si kalendala koma dzanja: chikhale choti mukachifinya chikuphwanyika mpaka pakati, mtsitsi wa mkati n'kusololoka wokha. Chisendeni musanaviike, zikuluzikulu muzidule, ndipo chonse chimire. Chomwe chatulukira pamwamba chimada osafewa. Mgolo uikeni pomwe pamawomba dzuwa. Mukavuula, chapani ndi madzi atsopano, finyani, phwanyani tizidutswa ting'onoting'ono, yanikani pa thandala mpaka tiume gwa, ndiye musinje ndi kusefa. Madzi oviikirawo atayeni kutali ndi ziweto.

Pophika, kondowole sayamba ndi phala ngati nsima ya chimanga. Madzi awire, phulani mphika, uikeni pansi muupane ndi mapazi pa kansalu, thirani ufa wambiri nthawi imodzi ndi kuvundula mwamphamvu ndi mthiko wolimba mpaka ufa woyera usaonekenso. Phikani yochepa, ya anthu awiri kapena atatu, chifukwa yambiri imathyola mthiko isanapse. Chigwada chodyera nacho chimafunanso ulemu womwewo: chisinjeni bwino, chiwire mphika uli wosavundikira kwa mphindi zosachepera 30.

FUNSO: Agogo ankatiimbira nthano madzulo, koma palibe anaijambula. Watsala ndi mng'ono wawo yekha, ali ku Ekwendeni kwa mwana wake, ndipo wakalamba kwambiri. Ndingatani kuti ndisunge zomwe akudziwa? Mtsikana wa ku Zolozolo.

YANKHO: Pitani mwezi uno, achemwali, Ekwendeni ndi pafupi. Musapite chimanjamanja: shuga, mchere, sopo kapena chitenje. Tsiku loyamba ingochezani, muwauze chomwe mukufuna ndi kuwapempha, ndipo akakana foni muilemekeze nkhaniyo, mugwiritse kope.

Nthano musawapemphe masana. Ambiri a msinkhu wawo anakula akuuzidwa kuti nthano siimbidwa dzuwa lili pamutu, ndipo adzangoseka n'kukuuzani kuti aiwala. Dikirani mutadya nsima yamadzulo, ndipo musonkhanitse ana anayi kapena asanu. Nthano imafuna ovomera: iwo akati "Padangokhala", pakhale oyankha "Tili tonse", ndipo nyimbo ya pakati pa nthano ikafika pakhale othira mang'ombe. Mukawakhazika okha patsogolo pa foni amadula nkhani, nyimbo n'kuisiya, chonsecho nyimboyo ndi yomwe imasowa kwambiri.

Foni muitseke kuti isalandire mafoni, muiike pa nsalu yopinda kutalika kwa mkono umodzi kuchoka pomwe akhala, wailesi izimitsidwe. Mvula ikamagwa pa malata musajambule, simudzamva kanthu. Poyamba nenani nokha tsiku, malo ndi dzina lawo ndi mfunda wawo. Mphindi 30 kapena 40 zakwana pa tsiku. Akatopa amayamba kusakaniza mayina.

Za mbiri ya banja mufunse tsiku lina, ndipo musafunse kuti "tiuzeni mbiri yathu", chifukwa funso lotere lilibe pogwira. Funsani tinthu: mayi anu ankatchedwa ndani, anabadwira mudzi uti, kwa mfumu yanji, anali ndi alongo angati, ndani anayamba kusamuka ndipo chinawasamutsa n'chiyani, dzina lomwe ndili naloli ndi la yani. Tengani chinthu cha malemu, kaya chipande, mkanda kapena chithunzi, muwapatse m'manja. Chimatsegula pakamwa kuposa mafunso khumi. Polemba mzere wa banja la Chichewa tsatani amayi, kuchoka kwa inu, mayi anu, agogo, mayi wa agogo, chifukwa mbumba imayenda motero, ndipo amuna muziwalemba pambali pa alongo awo. Muzifunsanso tanthauzo la mawu omwe simukuwamva nthawi yomweyo, musanaiwale pomwe anawanena.

Pali zina zomwe angakuuzeni inu nokha chifukwa ndinu mdzukulu wamkazi, monga malangizo a kuchinamwali ndi a uchembere. Zimenezo zimitsani foni, ndipo zisafike pa Facebook kapena pa gulu la banja la WhatsApp pomwe pali alamu ndi ana. Zotsalazo, mukangofika kunyumba, zikopereni pa kompyuta kapena pa memori khadi, ndipo m'bale wina wokhala nyumba ina asunge zake. Fayilo iliyonse muipatse dzina la nthanoyo ndi tsiku. Ulendo wotsatira mukawamvetsere zomwe munajambula. Nthawi zambiri akamva mawu awo amakudulani n'kunena kuti apo ndinalumpha, ndiye foni ikhale yokonzeka kale.